Galimoto Yosatsokomola

Masiku anayi pa mzere wa petulo pa boma pa Kasungu,
kugona m'galimoto, mutu pa chiwongolero,
anabwerako ndi malita asanu ndi chifuwa.
Pakhomo sanapereke moni.
Anatsegula boneti n'kuyang'ana injini
monga munthu amayang'anira ng'ombe yokalamba
imene wamvana kale mtengo ndi wa butchala.

"Amake Tiyese, ndiichotsa."
Ine ndinayesa akunena batire.

Inatuluka ndi tcheni, pa nthambi ya mango,
ikudontha oilo wakuda pomwe ndimayanika mphale.
A Kalilangwe a ku Santhe anaitenga tsiku lomwelo,
ndalama theka, theka linalo "fodya akagulidwa."
Paipi ya utsi ikuchirikiza khola la nkhunda mpaka lero.

Mota anakaitola ku Chinkhoma,
ya chigalimoto chonyamula mabelo chimene chinafa kalekale;
anachotsamo zisa ziwiri za mavu.
Mabatire ndiwo anatidya.
Khumi ndi awiri, otopa, otsalira ku masola a eni,
ena otupa m'mbali ngati tsaya la wodwala dzino.
Ndinakakongola ku banki mkhonde,
ndinati ndi za feteleza.
Mulungu andikhululukire, ndi mlembi wathu yemwe.
Matumba asanu ndi limodzi a soya analowa m'mawaya.
Nkhumba yanga yaikazi inasanduka kabokosi
ka zilembo zachitchaina,
kamene kanapsa Lachiwiri lake, fungo ngati la tsitsi.

Anzake a pa galaja ankamufunsa akuseka:
"Magetsi ake ati, Yotamu,
omwe amazima nyemba zili pamoto awa?"
Iye duu, waya kukamwa,
foni ya mphwake itatsamira tayala
ikumuonetsa azungu akuchita zomwezo
m'magalaja oyera ngati chipatala.

Miyezi isanu ndi inayi.
Zonse ndinalemba m'kope la masamu la Tiyese,
ndi mabawuti omwe.

Tsiku limene inayenda ndinali kuchapa.
Sindinamve kanthu.
Ndinangoona pansi pa mango payera,
galimoto ikutsetsereka ngati wina wachotsa mwala kutayala.
Ndinakuwa, ndinathamanga thovu lili m'manja,
koma munali munthu,
mano ali mbee, misozi ili chuchuchu.

Ikakhuta imayenda makilomita makumi atatu.
Chitunda imakwera mopemphera.
Ku Chinkhoma imafika, kubwerako n'kwa mawa:
iye amagona kwa mlamu wake, iyo pa soketi ngati foni.
Mbuzi sizipatuka.
Nkhuku ziwiri za aneba talipira,
mpaka anamangirira chitini cha miyala kubampala,
chimene chinagwa sabata yomweyo.
Koma mzere wa petulo amaudutsa pang'onopang'ono dala,
chigongono pawindo.

Ngongole yatsala miyezi itatu. Sindidandaula.
Changa n'chimodzi.
Zaka khumi ndi zinayi ndinkamudziwira patali,
kutsokomola kuja akamakhota pa chigayo,
ndipo madzi osamba ankakhala pamoto asanazimitse.
Tsopano ndimangotembenuka
munthu ali njo kumbuyo kwanga,
ndisanamange n'komwe mpango.

Dzulo madzulo ndinaimva.
Pa chigayo pomwepo,
kutsokomola kawiri, kenako kubuula.
Ndinadzambatuka, ndinasonkhezera moto, ndinatereka ndowa.
Anali a Kalilangwe, akudutsa ndi injini yathu,
osaima, osacheuka, theka lija lili m'thumba mwawo.

Bambo a Tiyese anali atafika kale,
ali khale pakhonde, akundiyang'ana.
Sananene kanthu. Nanenso ayi.
Madzi aja anasamba ndithu.